Chikombole Chobwereka

Kuseri kwa shopu ya Sumaili, pa Kamuzu Road,
pomwe fungo la waya wopsa limagona mpaka m'mawa,
ndatsegula laputopu yanga yobenthuka pakona.
Magetsi abwera cha m'ma teni. Bando yatsala theka.
Fani ikungotembenuza kutentha komweko kwa Salima.

Pulogalamu iyi sindinalembe ine.
Analemba wina, kudziko komwe sindidzapondako,
n'kuisiya pabwalo, chitseko chosatseka:
tengani, suzumirani m'kati, konzani, gawanani.
Yanga ntchito ndi kumanga,
liwu limodzi, thukuta liwiri:
kumanga monga nyumba, kumanga monga phukusi la paulendo,
kuti mphunzitsi wa ku Khombedza akangodina kamodzi, iyo idzuke.

Ulendo woyamba inamangika bwinobwino.
Ndinaomba m'manja ndekha, Sumaili mpaka kusuzumira.
Ulendo wachiwiri makina anakana kwamtuwagalu:
mafayilo atatu sali m'mene anabwerera.
Wawakhudza ndani?
Ine ayi, chala changa sichinafikeko.
Ndi kumangako komwe kwapita ndi mapazi amatope:
pamwamba pa fayilo ya zomasulira kwadinda tsiku la lero,
mu inzake kwasuntha mizere makumi anayi,
yachitatu kwaimeza, n'kulavula ina
yofanana nayo dzina lokha.

Ndili ndi zaka khumi tinkaumba njerwa kwa Maganga.
Chikombole chinali cha a Mkwanda, chobwereka,
ndipo wochitsuka ndinali ine, tsiku ndi tsiku, ndikung'ung'udza,
kukokota m'makona ndi msomali wopindika
anzanga akumenya mpira wachikulunga kuseri kwa uvuni.
Tsiku lina ndinazemba.
Dothi linauma m'kona, ndipo m'mawa mwake
njerwa zana zinatuluka zolumika phewa lomwelo.
Palibe anandimenya. Anangondiuza ndiziwerenge.

Ndiye usiku uno ndikusankhula ngati mpunga pa lichero.
Iyi imabadwa pomanga, mwini wake sanaitumize:
ikatha ntchito, isesedwe, mawa idzabadwanso.
Izi ziwiri n'za mwini:
ndizikopera pambali ndisanayatse moto,
zikapsa zinzake, zenizenizo zibwerere pamalo.
Mtima wina ukuti, ingolemba kuti ndi chigamba, ukagone.
Koma chigamba n'chimene wasoka dala,
podziwa pang'ambika, ulusi uli m'manja.
Tope la panjira sulitcha chigamba.

Mizere isanu basi, yandidyera maola awiri.
Kumanga. Kusesa. Kufananiza ndi zomwe zinabwera.
Sikirini ili zii.
Pa ntchito iyi chete ndiye nthungululu.

Kumanganso. Kusesanso. Kufananizanso,
n'kutulukira kachinayi,
kafayilo kobisala ndi kadontho kutsogolo kwa dzina,
kokhala phee ngati nkhupakupa kuseri kwa khutu la mbuzi.
Kamangooneka ulendo wachiwiri wokha.
Ndaseka, ndatukwana pang'ono, ndawonjezera mzere wachisanu ndi chimodzi.

Kenako kalata kwa mwini wake, yaulemu, m'Chingerezi changa cha ku sekondale:
zikomo pa chikombole chanu,
koma chimagwira dothi m'makona anayi awa;
bwanji njerwa zizigwera pa bwalo lina, kutali ndi pomwe mwasunga zida?
Mwina ayankha mawa. Mwina chaka chamawa. Mwina anasiya kalekale.
Zilibe kanthu. Pambuyo panga pakubwera wina,
kaya mtsikana wa ku Chipoka wa bando ya ola limodzi,
adzatsegula foda imeneyi osadziwa dzina langa,
ndipo sadzapeza chala changa paliponse.

Panja wakabaza womaliza waliza belu, wapita.
Sumaili akukoka chitseko chachitsulo, akuti fulumira.
Ndadina kutumiza.
Kamzere kakukwawa, kakukwawa,
magetsi aphethira kamodzi,
ndagwira mpweya.